Dzina la Azakhali Atalivala Wina

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anali ndi mayina awiri. La ubatizo ankaitanidwa nalo ku tchalitchi ndi ku chipatala kumene anagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma. Linalo linali la pa wailesi, lodzipatsa okha, ndipo limenelo ndi limene ankalisamala. Sindilitchula muno. Linatchulidwa mokwanira, ndipo ena amene analitchula sanayenere kulikhudza n'komwe.

Ana obadwa mafoni atabwera sangamvetse msanga, ndiye ndifotokoze. Loweruka lililonse masana pa wailesi pankakhala pulogalamu ya moni. Unkagula khadi ku positi, n'kulembapo dzina lako la pa wailesi ndi mayina a anthu amene ukuwapatsa moni, kenako n'kuliponya. Muulutsi ankawerenga makhadiwo pakati pa nyimbo. Zinali zomwezo basi. Koma ife ochita zimenezi tinali mtundu patokha. Tinkadziwana kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje osaonanapo nkhope. Unkadziwa kuti uje wa ku Mzimba mkazi wake wachira mwana wamwamuna, uje wa ku Balaka wasamutsidwa ntchito, komatu ukanakumana naye mu basi ukanamuponda phazi osamuzindikira.

Ndinapita kukakhala ndi azakhali kufupi ndi Kasina, ku Dedza, nditangoyamba uphunzitsi pa pulayimale ina ya komweko. Sanali munthu wofatsa, ndipo sindiwanamizira kukoma mtima chifukwa choti anatisiya. Ankalalata, ankatsina khutu ngakhale la munthu wa ndevu. Khadi langa loyamba analiwerenga ataimirira, n'kuling'amba pakati ine ndikuona.

"Iwe, ukulembera anthu kapena ukuitana mbuzi?" anatero. "Khala pansi."

Anandiphunzitsa malamulo awo tsiku lomwelo, ine ndikufufuma ndi mkwiyo. Uyambe ndi odwala, kenako ofedwa, athanzi abwere pambuyo chifukwa sakuthamangira kulikonse. Usapatse moni mwamuna wa mwini osatchula mkazi wake. Moni ukalandira ubweze. Wailesi si bwalo la milandu, choncho ndewu ndi ndale uzisiye pakhomo. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse linali lakuti dzina la mnzako likangokhala chete, usadikire kuuzidwa, uliitane. Ulembe kuti, uje, muli kuti, tikukufunani.

Lamulo lomalizali linali ndi mbiri yake. M'nthawi ya chipani chimodzi panali bambo wina, kalaliki ku minda ya tiyi ku Thyolo, amene ankalemba sabata ndi sabata, kenako anangoti zii. Mphekesera zinamveka kuti anatengedwa chifukwa cha mawu ena amene analankhula pa mowa. Onse anachotsa dzina lake pa makhadi awo, poti nthawi imeneyo kutchula munthu wotengedwa kunali kudziitanira galimoto ya apolisi pakhomo. Azakhali okha ndi amene anapitiriza. Khadi lililonse ankamaliza ndi kufunsa kuti bambo a ku minda ya tiyi muli kuti, ngati sakudziwa kanthu. Anatero nthawi yaitali mpaka bamboyo anatuluka. Khadi lake loyamba linalibe dzina lina koma la azakhali, ndipo analembamo kuti mkazi wake ankamvera Loweruka lililonse kuti angomva kuti padakali munthu mmodzi amene sakuopa kutchula mwamuna wake. Awiriwa sanaonanepo mpaka imfa.

Choncho dzina la azakhali linali lolemera. Aulutsi ankalidziwa, ndipo khadi lawo silinkagona pansi pa mulu. Achinyamata a m'dera lathu ankadzaza khonde lathu Loweruka masana, atakumbatira mawondo chifukwa cha mphepo ya m'mapiri, kumvera wailesi ya azakhali ndi kuphunzira kalembedwe. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata woonda, wa khosi lalitali, amene pambuyo pake anakhala mphunzitsi wa ku sekondale. Ameneyu azakhali anamusula ndi manja awo. Dzina lake la pa wailesi anamusankhira ndi iwo, ndipo sabata yoyamba anamuika pa khadi lawo kuti dziko limudziwe. Ankawatcha amayi, ankawatungira ndi madzi omwe.

Kenako zipani zambiri zinabwera. Ine ndinavotera kusintha, ndipo sindinong'oneza bondo. Koma chaka chimenecho aliyense anagwidwa ndi matenda a komiti. Kwaya komiti, mjigo komiti, ngakhale anyamata ogulitsa mbatata ya kachewere pa msewu anali ndi wapampando ndi wachiwiri wake. Anyamata a pa khonde lathu nawo anati tikhale kalabu ya omvera wailesi, ya malamulo olembedwa ndi malaya ofanana. Misonkhano inachoka pa khonde kupita m'kalasi. Wa khosi lalitali uja anasankhidwa kukhala wapampando. Azakhali anawapatsa udindo wa mlangizi, umene tanthauzo lake linali lakuti akhale pa benchi ya kumbuyo asalankhule.

Panalinso china. Azakhali, monga amayi ambiri a kwathu, anavinapo pa misonkhano ya chipani chakale atavala nsalu ya chipanicho. Amayi awo a anyamatawo anavinanso, pamzere womwewo, koma zimenezo ankaziiwala. Azakhali akangotsegula pakamwa kudzudzula khadi lolembedwa mwachipongwe, wina ankanong'ona kuti zayambika za chipani chimodzi. Wapampando anasiya kuwatcha amayi. Anayamba kuwatcha agogo, ndi kamwemwetulo kena kamene ndikakakumbukira mpaka lero dzanja limandiyabwa.

Mu Juni, tikukumba kachewere kuseri kwa nyumba, azakhali anagwa pa mzere. Anafa mbali ya kumanja. Atabwerako ku chipatala, mkono unali lende, mwendo ukukokedwa, lilime litalemera moti mawu ankatuluka amodziamodzi ngati akuwakoka ndi chingwe. Mutu wokha unali bwinobwino, ndipo zimenezo ndi zimene zinawapweteka kwambiri.

Ndinawauza kuti azindiuza mawu ine ndizilemba. Anakana.

"Khadi ndi dzanja la mwini," anatero. Anapuma kaye, kenako anawonjezera, "Andiitana."

Chimene ankadikira chinali chimenecho. Moyo wawo wonse anaitana ena, tsopano inali nthawi yoti dziko lizindikire kuti dzina lawo lakhala chete, lifunse kuti ali kuti. Loweruka lililonse ndinkawasambitsa m'mawa, kuwaveka duku loyera, kuwatsamiritsa ku khoma padzuwa, wailesi pambali pa dzanja lamoyo lija. Mabatire ankandiuza kuti ndiwaike padzuwa Lachisanu kuti asafooke pakati pa pulogalamu. Ankamvera maso ali tseke, milomo ikutsatira mayina. Pulogalamu ikatha ankangoti, "Sanazindikire. Sabata yamawa." Sankadandaula, poti ankadziwa kuti anthu a kutali amatenga nthawi kuti aone kuti mnzawo wasowa.

Ine ndinkafuna kuwaitana ndekha pa khadi langa, koma anandiletsa. Anati wa m'nyumba saitana, amenewo ndi masewera. A kalabu ndi amene akanayamba, poti ankadziwa zonse, koma pa makhadi awo panalibe ngakhale moni wa odwala.

Loweruka lina dzinalo linamveka. Linali khadi loyambirira kuwerengedwa. Muulutsi anachita kukweza mawu ndi chimwemwe, akuti tamverani amene abwera, mayi athu a ku mapiri a Dedza aja abweranso, tinawasowa. Azakhali anatsegula maso. Mbali yamoyo ya nkhope yawo inayamba kumwetulira, poganiza kuti wina wawaitana. Koma muulutsi anapitiriza, ndipo tinamva kuti khadilo silinali lopita kwa iwo. Linali lochokera kwa iwo. Dzina lawo linali kupereka moni kwa wapampando wa kalabu yathu, kwa mlembi, kwa msungichuma, kwa anyamata onse otsogola. Odwala panalibe. Ndipo linamaliza ndi kunena kuti amene akulirabe zakale apukute misozi, dziko linasintha.

Azakhali anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"Iwe?"

"Ayi, azakhali. Ndilumbire pa chiyani?"

Anandiyang'anabe kwa kanthawi, kenako anayang'ana wailesi. Malovu anali kutsika pa ngodya ya pakamwa yakufa ija, ndipo nditafuna kuwapukuta anandikankha dzanja.

Sabata yotsatira moni unagwa ngati matalala. Ku Karonga, ku Mchinji, ku Nsanje, onse akuti takulandirani mayi, tinayamba kuda nkhawa, tikuthokoza kuti muli bwino. Ena anachita kunena kuti anali pafupi kuitana. Azakhali anamva zonsezo atakhala pa mkeka atavala duku loyera. Palibe amene akanawafunsanso kuti ali kuti, chifukwa kwa dziko lonse iwo anali atapezeka kale, ali wathanzi, akuseka anthu okalamba.

Msonkhano wa kalabu unali Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi. Ndinalowa m'kalasimo osagogoda, osapereka moni. Ndinafunsa kuti walemba khadi lija ndani. Sanabise n'komwe. Wapampando analoza kamtsikana ka Fomu 3 kamene kanakhala kutsogolo katavala malaya a kalabu ofika m'mawondo. Kanali kamlamu wake, mng'ono wa mkazi wake.

"Achemwali, khalani pansi tikufotokozereni," anatero, mawu ake ofewa ngati akulankhula ndi wodwala misala. "Makhadi athu akuchedwa kuwerengedwa. Makalabu achuluka masiku ano. Koma dzina la agogo likakhala pamwamba, envelopu yathu yonse imatsegulidwa msanga. Dzinalo linangogona. Agogo sangalembenso, mukudziwa inunso. Ndiye komiti inaona kuti ndi chuma cha kalabu, chisawonongeke."

"Chuma cha kalabu? Munalipeza pa msewu? Dzina limenelo linayamba kumveka inu mukuyamwa."

"Palibe amene akukana. N'chifukwa chake tikulisunga."

Ndinamuuza kuti ndi fisi, wodya munthu asanafe. Ndinamukumbutsa za khonde, za madzi amene ankatunga, za dzina lake lomwe limene anachita kupatsidwa ngati kabudula wa mkulu wake. Ndinati ngati mayina ndi chuma cha kalabu, avule lakelo alibweze kwa mwini wake. Ena anaseka, osati kumuseka iye, kundiseka ine. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Agogowo anavina kale, pano tikuvina ndi ife."

Wapampando anakweza dzanja kuti anthu akhale chete. Anati pano ndi pa demokalase, sitikangana, tivota. Amene akufuna kuti dzina lipitirire kugwira ntchito akweze manja. Manja anakwera m'kalasi monse. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo panalibe dzanja limene azakhali sanaliphunzitse kugwira khadi. Ena anayang'ana pansi, koma manja sanatsitse. Otsutsa ndinali ndekha. Mlembi analemba zotsatira, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndili ndi mfundo ina.

Ndinabwerera kunyumba. Ndinatenga khadi kuti ndilembe zonse, dziko limve kuti mwini dzina ali gone pa mkeka ndipo amene akulankhulayo ndi mwana wa sukulu. Azakhali anandigwira pa mkono ndi dzanja lamanzere. Linali ndi mphamvu kuposa mmene ndinkaganizira.

"Wailesi si bwalo," anatero.

"Akuberani, azakhali."

"Si bwalo." Anapuma. "Ndipo asamve kuti ndikusambitsidwa."

Ndinang'amba khadilo. Ndinawakwiyira iwonso tsiku limenelo, ndinene zoona. Malamulo awo omwewo ndi amene anawamanga manja, ndipo akuba aja ankadziwa bwino kuti zidzatero, poti anawaphunzira pa khonde lomwelo.

Chipongwe chachikulu chinali chisanafike. Patapita masabata angapo, tsiku lina masana ndinaona malaya ofanana akukwera kanjira ka kwathu. Anali wapampando, mlembi ndi kamtsikana kaja, atanyamula paketi ya shuga. Ndinafuna kuwabweza pa chipata, koma azakhali anali panja padzuwa ndipo anali atawaona kale. Anagwada bwinobwino, kupereka moni, kufunsa za thupi. Kenako wapampando anakhosomola.

"Agogo, tabwera kuti mutithandize nzeru, poti ndinu mlangizi wathu. Pali bambo wina wa ku minda ya tiyi. Aliyense wabweza moni koma iyeyo ayi, ndipo anthu ayamba kudabwa. Kodi mumamulembera zotani? Mungomuuza mwanayu kuti azilemba mofanana."

Kamtsikanako kanali katatulutsa kale cholembera. Sikanali koipa mtima, ndikuganiza, kanali kopusa chabe, ndipo kankayang'ana azakhali ngati mmene umayang'anira chithunzi chakale cha pa khoma.

Azakhali anadzikoka ndi chigongono chamanzere, pang'onopang'ono, mpaka anatembenukira ku khoma. Zinawatengera nthawi, ndipo alendowo anangokhala kuonerera. Ine ndinatenga shuga uja n'kumuponya m'khola la nkhumba iwo akuona. Potuluka wapampando anauza mlembi, mokweza kuti ndimve, kuti vuto la anthu akale ndi kusafuna kusiyira ena.

Madzulo ake azakhali anandiuza kuti ndichotse wailesi m'chipinda chawo. Loweruka lotsatira anakana duku loyera. Anati ndiwasiye m'nyumba.

Ine ndinapitiriza kumvera, ku khitchini, motsitsa mawu. Ndinkamvera ndi chidani, ngati munthu wokanda chilonda. Dzina la azakhali linkapereka moni kwa anyamata a mpira, kwa amuna a eni osatchula akazi awo, linkatchula ndi nyimbo za chikondi zimene likufuna. Anthu ena akale anayamba kulisiya pa makhadi awo mwakachetechete. Mwina ankati mayi aja asokonekera mutu ndi ukalamba.

Kenako Loweruka lina, chakumapeto kwa pulogalamu, muulutsi anawerenga khadi la ku Thyolo. Linayamba ndi moni kwa onse ogona m'zipatala ndi m'makomo, kenako ofedwa. Ndiye linati, ine wa ku minda ya tiyi ndikufunsa, mayi anga a ku mapiri a Dedza, eni ake enieni, amene amayamba ndi odwala, muli kuti? Ndikukufunani. Muulutsi anawerenga mopanda kudabwa n'kuika nyimbo.

Ndinasiya mphika pamoto. Ndinalowa kwa azakhali ndikulira. Ndinawauza kuti aitanidwa, bambo a ku tiyi azindikira, afunsa eni ake enieni. Ndinabwereza mawu onse monga ndinawamvera.

Anali gone chagada akuyang'ana kudenga. Nkhope sinasinthe.

"Walemba ndi iwe," anatero.

"Ine? Azakhali, khadi lachokera ku Thyolo."

"Waiona sitampa?"

Pa wailesi suona sitampa.

"Dzina langa anavala mwana wa sukulu," anatero, liwu lililonse palokha. "La iyeyo chingavute n'chiyani?"

Ndinalumbira pa manda a bambo anga, mlongo wawo. Ndinati ndiitane abambo mfumu ndilumbire pamaso pawo. Anangotseka maso. Zaka zonse zija ankakhulupirira liwu lililonse lotuluka m'kabokosi kaja, chifukwa kwa iwo munthu sakanaika dzanja lake pa dzina la mnzake. Anyamata aja atawaonetsa kuti zimatheka, panalibenso dzina limene akanalikhulupirira.

Bambo wa ku tiyi sanasiye. Sabata yotsatira anaitananso, ndi inzake, mpaka mvula inagwa, chimanga n'kumera. A kalabu anachita mantha, dzina lija analisiya mwakachetechete, kamtsikana kaja kanadzipezera lina. Palibe amene anabwera kudzapepesa. Wapampando tinkakumana ku tchalitchi, ankandipatsa moni ngati palibe chinachitika, ndipo chaka chotsatira anasankhidwanso.

Ndinaganiza kuti akangomva okha ndi makutu awo, mwina akhulupirira. Loweruka lina ndinadikira mpaka muulutsi atatchula Thyolo, ndiye ndinanyamula wailesi n'kukaima nayo pakhomo la chipinda chawo, mawu nditakweza. Azakhali anatenga kapu yachitsulo imene inkakhala pambali pawo n'kuyamba kumenya pansi. Anamenya, kumenya, madzi kutayikira pa mkeka, phokoso kudzaza nyumba mpaka mawu a muulutsi osamvekanso. Sanasiye mpaka ndinazimitsa.

Ndinaimabe pakhomo wailesi ili m'manja, iwo akupuma movutika atayang'ana ku khoma. Ndinkati agona. Kenako ndinamva akulankhula, motsitsa.

"Wayamba ndi odwala?"

"Eya, azakhali."

"Kenako ofedwa?"

"Eya."

Anagwedeza mutu pang'ono.

"Ndiye kuti ndinakuphunzitsa bwino," anatero. "Bwera undisinthe nsalu, yanyowa."